Kudikira Ambuye pamene nthaka ikugwedezeka



Talowanso m'nyengo ya Adventi, nyengo yodikira kubwera kwa Mpulumutsi. Ife a m'mphepete mwa nyanja kudikira sitikumva kwa anthu ayi. Amuna ndi ana athu amalowa m'nyanja usiku ndi nyali kukapha usipa, ife n'kutsala m'nyumba makutu ali kumphepo.

Koma boma lathu la Karonga silidzaiwala Adventi ya 2009. Pa 6 Disembala nthaka inagwedezeka, ndipo zivomezi zinapitirira mpaka china chachikulu pa 19 Disembala, Khirisimasi ili pakhomo. Nyumba zambiri zinagwa, zina kung'ambika, mabanja n'kumagona panja mvula ili mkati. Ena ankanong'ona kuti Karonga walangidwa. Ife mawu amenewo sitiwalandira. Nyanja yathuyi ili m'chigwa chachikulu cha Rift Valley, m'mene miyala ya pansi imasuntha kuyambira kalekale. Ndipo pa Luka 13 Ambuye Yesu anakana kuti anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera anali ochimwa kuposa anzawo.

Nanga tidalire bwanji Mulungu pamene ngakhale pansi popondapo sipadalirika? Tiyeni tiyang'ane Maria Woyera pa Luka 1. Anali mtsikana wopalidwa ubwenzi, ndipo uthenga wa Gabrieli ukanatha kumuthetsera ukwati ndi kumuchititsa manyazi m'mudzi wonse wa Nazarete. Mtima unamuvuta, anafunsa funso, ndipo Mulungu sanamudzudzule chifukwa chofunsa. Atavomera sanadzitsekere m'nyumba. Ananyamuka msangamsanga kupita kumapiri a Yudeya kwa Elizabeti, mayi wachikulire amene nayenso anali woyembekezera, nakhala naye pafupifupi miyezi itatu. Taonani, chikhulupiriro cha Maria chinakhwimira pakhomo pa mayi mnzake! Mary Sumner anaona zomwezi pamene anasonkhanitsa amayi m'nyumba mwake ku Old Alresford mu 1876, chimene chinali chiyambi cha Mothers' Union.

Tinene poyera, amayi. Mantha akatigwira patokha, ena a ife timapita usiku kukafuna mankhwala otsirikira nyumba kapena bwato, Lamulungu n'kudzagwada paguwa. Enanso timatenga katapila kuti ana avale zatsopano pa Khirisimasi, kenaka mu Febuluwale, ufa utatha, mwini ndalama ali pakhomo. Amene amachita izi si mayi woipa, ndi mayi amene alibe Elizabeti womuuza zakukhosi.

Choncho tikupempha nthambi iliyonse kuti isanafike Khirisimasi, amayi awiriawiri akayendere amasiye, odwala ndi aja anasiya kubwera ku Misa. Musapite manja lende: tengani kaufa kapena kausipa, muwerenge nawo Luka 1, ndipo musafulumire kutsanzika.

Ambuye akhale nanu nonse.