Wopenga anali ndani mu 2017?



Tikamva kuti anthu aphedwa mwankhanza, pakamwa pathu pamathamangira mawu amodzi: "Ameneyo ngopenga." Koma takumbukirani nkhani ya anamapopa ija. Inabuka mu Seputembala 2017 ku Mulanje ndi Phalombe, n'kufalikira ku Thyolo mpaka Blantyre. Anthu osachepera 9 anaphedwa ndi magulu a anthu, a UN mpaka anachotsa antchito awo ku Mulanje ndi Phalombe, ndipo apolisi anamanga anthu oposa 100. Ndiye tinene kuti onsewo anali odwala misala? Ayi ndithu. Anali anthu abwinobwino, a mantha, aumphawi, osakhulupirira apolisi, ena atalawako kachasu kapena chamba, aliyense akubisala kumbuyo kwa mnzake.

Chowawa kwambiri n'chakuti mmodzi mwa ophedwa ku Blantyre anali mnyamata wodwala khunyu. Khunyu si misala, komanso si majini. Koma m'chipwirikiti, amene amayamba kugendedwa ndi uja wolephera kuyankha bwino mafunso, woyenda yekha usiku, wolankhula yekha. Wodwala ndiye amafa, ife amoyo wabwino miyala ili m'manja.

Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam) anatiphunzitsa kuti munthu amene nzeru zamuchokera salembedwa machimo kufikira atachira. Ndiye kuti iye ali ndi chowiringula kwa Allah. Nanga iwe ndi ine, amene tinangomva pa WhatsApp n'kutumiza m'magulupu asanu? Surat Al-Hujurat ayah 6 imatilamula kufufuza nkhani tisanapweteke anthu mwaumbuli. Kafufuzeni nokha mukaswali Maghrib.

Sitikukana kuti matenda a maganizo alipo. Kuno ku Lungwena tikuwadziwa anyamata amene usodzi ukavuta amasiya kugona, amasiya kubwera ku mzikiti, ena amalowerera chamba kudooko. Ameneyo musamumange pamtengo, musamujambule kanema woseka naye. Mupangireni dua, inde, komanso mumperekeze pa chipatala cha Lungwena. Zikakula amatumiza ku Mangochi boma, mwinanso ku Zomba Mental Hospital. Dua ndi mankhwala sizilimbana.

Ndipo mukadzamva mfuu ya "gwirani ameneyo!" pamsika, mlendo mutengereni kwa amfumu kapena kwa ashehe, wina aimbire apolisi. Nambala ya a community policing a m'mudzi mwanu muli nayo mufoni? Ngati mulibe, kafunseni kwa amfumu Jumu'ah isanafike, in sha Allah.