Wogula saona zimene tapopera

Funso lathu sabata ino ndi ili: kodi mlimi amene wapopera mankhwala pa tomato lero n'kukamugulitsa mawa walakwa, pamene iye akungofuna kupulumutsa dimba lake ndi kupeza fizi ya ana?

Tisafulumire kumuweruza. Tizilombo timawonongadi. Mu December 2017 boma linalengeza kuti m'maboma 20 mwa 28 a dziko lino mwagwa tsoka chifukwa cha mbozi za ntchemberezandonda. Amene anaonapo munda wake ukutha sangauzidwe kuti angosiya mankhwala.

Komabe tidziwe chimene tanyamula m'manja. Mankhwala monga dimethoate amapha tizilombo posokoneza mitsempha yake, ndipo amasokonezanso mitsempha ya munthu m'njira yomweyo. Amalowa m'thupi kudzera pakhungu, m'mphuno ndi m'kamwa. Munthu amamva mutu ndi chizungulire, amatuluka thukuta ndi malovu ambiri, amasanza, ndipo zikafika poipa amabanika. Wotere athamangire naye kuchipatala, botolo la mankhwalawo lili m'manja. Ana ndiwo ali pachiopsezo chachikulu, chifukwa matupi awo ndi aang'ono.

N'chifukwa chake pabotolo pamalembedwa masiku oyenera kudikira munthu asanathyole mbewu zimene wapopera. Dziko lathu lili ndi lamulo la mankhwala ophera tizilombo la chaka cha 2000, komanso bungwe la Pesticides Control Board loyang'anira malonda ake. Koma bungwe silingaime padimba lililonse. Mayi wogula tomato pamsika wa Kande amaona kufiira ndi kukula kwake basi. Tsiku limene anapoperedwa amalidziwa ndi mlimi yekha.

Apa ndiye pagona nkhani. Wogula akatambasula dzanja kupereka ndalama, amapereka ndi chikhulupiriro chomwe, kuti chimene wagulacho angathe kudyetsa ana ake. Kukhulupirika kumayesedwa pamene mnzathu alibe njira yotigwirira. Kumubisira chimene chingamudwalitse ndi bodza ndithu, ngakhale pakamwa pathu sipanatuluke mawu. Muyeso wake ndi wosavuta: tomato amene sitingamuike mu ndiwo za kunyumba kwathu sayenera kupita kumsika. Chimodzimodzinso usipa wowazidwa mankhwala kuti usafumbwe, kapena chopopera chotsukidwira kumtsinje kumene ena amatunga madzi, madzi ake n'kutsikira m'nyanja.

Wina anganene kuti, "Ine ndikadikira, anzanga agulitsa, wanga aola." Zoona, chilungamo nthawi zina chimadyetsa munthu ndalama. Koma zambiri zimatheka ndi dongosolo: kuthyola kaye tomato wakupsa tisanapopere, kuwerenga masiku, kufunsa alangizi a zaulimi. Ndipo katundu wolemera kwa munthu mmodzi amapepuka alimi oyandikana madimba akakhala pansi n'kugwirizana chimodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Mafunso okambirana:

1. Kodi kusanena chinthu kungakhale bodza? Perekani zitsanzo za kumunda, kunyanja ndi kumsika.
2. Ife ogula, tikamakana tomato aliyense wokhala ndi kabanga, timamukankhira kuti mlimi?
3. Ndani pakati pathu angathandize kuwerengera ndi kumasulira anzathu malangizo a pabotolo, ndipo tiyamba liti?