Kodi mayi akapita kocheza usiku walakwira ndani?

Disembala timamutcha mwezi wopuma, koma m'nyumba zambiri muli munthu mmodzi amene mpumulowo amangoumva kwa ena. Sukulu zikatsekera ana amatandala pakhomo. Achibale ogwira ntchito ku Johannesburg ndi ku Harare amafika ndi zikwama zawo, apongozi amabwera kudzadya Khirisimasi, kumudzi nako chimanga chikudikira kupalira. Wosankha mpunga, wososola nkhuku, woyanika zovala zosauma chifukwa cha mvula, ndi mayi. Tsono mayi ameneyu akanena kuti Loweruka madzulo akukadya ndi kuvina ndi anzake, ndipo abwera usiku, walakwira ndani?

Ambiri amayankha msanga kuti walakwira banja, ndipo zifukwa zawo sindizipeputsa. Ndalama zodyera kunja mu Disembala ndi zomwezo zimene zimasowa mu Januwale polipira fizi. Usiku wa nyengo ino misewu imadzaza ndi madalaivala oledzera. Khanda loyamwa silidziwa kuti amake ali ndi anzawo. Koma kupatula kuyamwitsa, zifukwa zonsezi zimakhudzanso abambo. Bambo akapita kukaonera mpira wa ku England pa 26 Disembala n'kubwera pakati pa usiku, palibe amene amaitana ankhoswe. Ngati zomwezo akachita mayi zisanduka mlandu, ndiye kuti chotiwawa si kutulukako koma amene watulukayo.

Ena amati khalidweli ndi lachilendo, agogo athu sankatero. Ine ndinakulira kumudzi ndipo ndinaona zina. Amayi anali ndi malo awoawo kumene mwamuna sankapondako. Pamtondo ankasinja akuimba nyimbo zodandaula za amuna awo ndi apongozi, mudzi wonse n'kumamva. Kuchitsime ndi kunkhuni ankachedwa dala kuti nkhani ithe. Pa Khirisimasi pomwepo ankamanga zitenje zofanana n'kuvina chimtali mpaka kuda, ndipo kuchinamwali ankagonera komweko. Ana ankatsala ndi agogo, azakhali kapena achemwali awo, poti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Lero chigayo chinalanda mtondo, mpopi unalanda chitsime, ndipo mpanda wa njerwa unabisa woyandikana naye. Mayi wa ku Area 25 ku Lilongwe kapena wa ku Chilenje ku Lusaka akamakumana ndi anzake kumalo odyera, akufuna chimene agogo ake ankachipeza osalipira. Chachilendo chenicheni ndi mayi wotsekeredwa yekha ndi miphika.

Pansi pa mkanganowu pali funso lina: kodi umayi ndi udindo umene munthu amasenza, kapena ndi munthu yense? Ku Malawi pa 15 Okutobala timakumbukira anakubala, timawagulira zitenje, koma m'makomo ambiri nsima ya tsikulo amaphika ndi iwo omwe. Kutamanda munthu chifukwa chakuti satopa ndi njira yaulemu yomukaniza kupuma. Ife amayi tinali ndi mayina athu tisanayambe kutchedwa amake a uje, ndipo anzathu a kusukulu ndiwo amatiitanabe ndi mayinawo. Kukhala nawo maola anayi kumandikumbutsa kuti ndimatha kuseka popanda kutchera khutu kukhitchini.

Ubwenziwu umathandiza ndi banja lomwe. Mwana akagonekedwa m'chipatala, amene amabweretsa phala m'mawa ndi anzake a mayi. Pamaliro ndiwo amagona pamphasa ndi kusonkha moto. Anthu otere sapezeka tsiku la tsoka ngati sunawapatse nthawi tsiku la mtendere. Ana nawo amaphunzirapo: mtsikana amaona kuti kubereka si kutha kwa moyo wake, mnyamata amaona bambo ake akutenthetsa ndiwo ndi kugoneka mng'ono wake popanda kunyozeka.

Malire alipo ndithu. Wotuluka anene kumene akupita, asiye ana m'manja odalirika, akonzeretu ulendo wobwerera, ndipo asakhudze ndalama ya ufa ndi fizi. Tsiku la Khirisimasi lenilenilo, limene ana analiyembekezera chaka chonse, likhale lawo. Koma malirewa akhale a onse awiri, ndipo akhale odziwitsana, osati wina wopempha chilolezo pamene mnzake amangotenga makiyi. Mwezi wa masiku 31 sungasowe usiku umodzi wa munthu amene waphikira ena masiku 30 otsalawo.