Oimba a usiku ku Chiromo

Gulu la Grateful Dead la ku San Francisco linaimba pamaso pa anthu maulendo oposa 2,300 kuyambira mu 1965 mpaka 1995, chaka chimene woimba gitala wake Jerry Garcia anamwalira. Okonda gululi sankakhutira ndi zimbale za mu situdiyo. Ankapita ku zoimbaimba atanyamula maikolofoni, n'kujambula okha, pambuyo pake n'kumasinthana makaseti, eni nyimbo osawaletsa. Ankadzivutitsa chonchi chifukwa nyimbo ngati "Dark Star" sinkaimbidwa mofanana kawiri. Pa chimbale cha Live/Dead cha 1969 imatenga mphindi 23, gitala ikusochera dala, besi ikuilondola m'mbuyo, oimba ng'oma awiri akutchera khutu kuti amve kumene anzawo alowera. Mpaka lero anthu akutsutsanabe ngati usiku wa pa 8 Meyi 1977 ku Cornell University ndiwo unaposa wina uliwonse.

Munthu amene anagonapo ku Chiromo m'dzinja, Ruo atadzaza n'kumakankhana ndi Shire, sangawaseke anthu amenewa. Dambo la Elephant Marsh lili ndi oimba ake, ndipo nawonso sabwereza. Njovu zimene David Livingstone anaziona kuno mu 1859 zinatha kalekale, koma oimbawo adakalipo. Dzuwa likangolowa, tiachule ta m'bango timayamba ndi mawu akuthwa, olandizana ngati mipiringidzo ya valimba. Achule akuluakulu amalowera pansi ndi mawu okhuthala, nkhululu zikukoka ulusi wake pamwamba osapuma. Kenaka mvuu imadzuma kutsidya, inzake n'kuyankha kumtunda, ndipo kaphokoso kake kamayenda m'mlengalenga ndi m'madzi momwe. Kukamacha nkhwazi ndiyo imatsekera.

Si chipwirikiti ayi. Bernie Krause, yemwe m'zaka za m'ma 1960 ankaimba chipangizo cha Moog asanayambe kujambula mawu a zamoyo za m'tchire, anaona kuti cholengedwa chilichonse chimakhala ndi mpata wakewake: china chimalira mokweza, china motsitsa, china chimadikira kuti chinzake chipume kaye. Chule wamphongo akuitana mkazi, ndipo mawu ake akamira m'phokoso la ena ndiye kuti mbewu yake yathera pomwepo. Kwaya yonseyi ilibe woiimitsira dzanja kutsogolo. Zimene amuna a gitala aja ankazisaka thukuta lili kamukamu, usiku wina n'kuzipeza, wina n'kuziphonya, Mlengi anazipereka kwa kanyama kokwana pa chala chachikulu.

Nanga khutu lomwe likumva zonsezi? M'kati mwake muli kachiwalo kopindikapindika kodzaza timadzi, momwe muli timaselo ta ubweya pafupifupi 16,000, tina togwira mawu okwera, tina otsika. Ndi timeneti msodzi ali m'bwato mumdima wa ndiweyani, akuonjola makakana ndi milamba, amadziwa mbali imene kuli mvuu ndi kutalika kwake, n'kukhotetsa bwato nthawi ikadalipo. Timaselo timeneti tikafa satimeranso. Achinyamata okonda kuvina mutu utagunda sipika aziganizire.

Chimandiwawa n'chakuti ife a kuno, mosiyana ndi okonda Grateful Dead aja, tinasunga zochepa. Zimbale za WITCH ya Jagari Chanda ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi, zimphona za Zamrock ku Zambia m'zaka za m'ma 1970, zilipo ndithu, koma mausiku ambiri amene ankagwedeza Kitwe ndi Lusaka anatsalira m'makutu a amene analipo. Oimba a m'dambo nawonso angatayike chimodzimodzi. Dambo lathuli linalowa m'ndandanda wa madambo ofunika pa dziko lonse wa Ramsar mu 2017, pomwe bango likupserera ndipo minda ikulowerera m'madzi. Foni imene timajambulira maukwati ikhoza kugwira usiku umodzi wa Januwale ndi wina wa Okutobala, bola iikidwe kutali ndi jenereta, ndipo wojambulayo alembe tsiku ndi malo.