Kodi Chingerezi Ndi Nzeru Kapena Ndi Chotengera Nzeru?

Mwana wa ku Ntaja kapena ku Ulongwe amene akufuna kukalowa yunivesite sangachizembe Chingerezi. Bungwe la MANEB silipereka satifiketi ya MSCE kwa munthu amene walephera phunziroli, ngakhale atakhoza bwino masamu ndi sayansi, ndipo mayunivesite aboma amafuna credit m'maphunziro 6, Chingerezi chili momwemo. Nawo malamulo a dziko lino salola munthu kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo ngati satha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira. Kulemera kotere kwa chiyankhulo chimodzi kwachititsa anthu ambiri kuyesa kuti wodziwa Chingerezi ndiye wanzeru. Apa pakubuka mafunso awiri. Kodi chiyankhulo ndicho nzeru, kapena chimangonyamula nzeru? Nanga munthu akaphunzira chiyankhulo cha eni, amatayapo chikhulupiriro chake?

Ku Machinga ndi ku Balaka, boma limene linapatulidwa ku Machinga mu 1998, funso lachiwirili lili ndi mbiri yake. Ayao ambiri a kumeneku analandira Chisilamu kudzera mu malonda ndi anthu a kugombe la nyanja ya mchere, ndipo mashehe monga Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Thabit bin Muhammad Ngaunje anafalitsa chipembedzochi pamodzi ndi luso lowerenga zilembo za Chiarabu. Pa nthawi ya atsamunda, pafupifupi sukulu zonse zophunzitsa Chingerezi zinali za amishoni. Makolo achisilamu ankaopa kuti mwana akapita kumeneko akabatizidwa ndi kusinthidwa dzina, choncho ambiri ankamutumiza kumadrasa kokha. Mantha amenewa sanali opanda pake, chifukwa m'sukuluzo kuwerenga ndi katekisimu zinkayendera limodzi. Koma mtengo wake unali waukulu: ntchito za ukalaliki ndi uphunzitsi zinapita kwa anthu a madera ena, ndipo mpata umenewo watenga mibadwo kuti uchepe.

Zipembedzo ziwiri zikuluzikulu za m'derali sizinenapo kuti Mulungu ali ndi chiyankhulo chimodzi cha nzeru za anthu. Qur'an, m'sura ya Ar-Rum, imawerengera kusiyana kwa ziyankhulo pakati pa zizindikiro za Mlengi. Buku la Machitidwe a Atumwi limasimba kuti pa tsiku la Pentekoste aliyense anamva uthenga m'chiyankhulo cha kwawo. Mbiri nayo ikuvomereza. Ku Baghdad m'zaka za m'ma 800, Mkhristu wina dzina lake Hunayn ibn Ishaq anamasulira mabuku a zamankhwala a Agiriki m'Chiarabu, ndipo patapita zaka pafupifupi 300 akatswiri a ku Toledo anamasulira mabuku a Chiarabu m'Chilatini. Nzeru zinasamuka kawiri osafa, ndipo omasulirawo sanasiye chipembedzo chawo. Pafupi ndi kwathu, Yohanna Abdallah, wansembe wa Anglican, analemba mbiri ya mtundu wake m'Chiyao, m'buku la Chiikala cha Wayao, limene linasindikizidwa ku Zomba mu 1919 m'Chiyao ndi m'Chingerezi.

Komabe kunena kuti chiyankhulo ndi chotengera chabe n'kupeputsa nkhani. Chingerezi cha ku yunivesite si chimene amachezera anthu pa depoti ya minibasi ku Liwonde. Chili ndi mwambo wake: wolemba amanena poyera mfundo imene akuikira kumbuyo, amapereka umboni, amatchula kumene wautenga, amasiyanitsa chotsimikizika ndi chongoganizira, ndipo amayankha womutsutsa asanamalize. Mawu ang'onoang'ono osonyeza chifukwa, kutsutsa ndi kukayika ndiwo amagwira ntchito yaikulu kuposa mawu aatali ogometsa anthu. Wophunzira amene waloweza mawu ambiri koma sadziwa kumanga mfundo amakhoza kulemba masamba atatu osanena kanthu. N'chifukwa chake mayunivesite, kuphatikizapo University of Malawi ku Zomba, amaphunzitsabe luso la chiyankhulo ndi kalembedwe kwa ophunzira a chaka choyamba, ngakhale onsewo anakhoza kale Chingerezi pa MSCE.

Chofunika kuona n'chakuti mwambo umenewu si wachilendo kwa mwana wa ku Machinga. Pabwalo la milandu kwa amfumu, wodandaula sangapambane popanda mboni, ndipo nduna zimafunsa ngati iye anaona yekha kapena anangomva. Akatswiri a Chisilamu salandira hadith, nkhani ya mawu kapena zochita za Mtumiki, popanda kufufuza mndandanda wa anthu amene anaisimba, wina kuchokera kwa mnzake, ndipo umenewu ndi mzimu womwewo umene uli m'lamulo la ku yunivesite lotchula gwero la mfundo iliyonse. Mwana woleredwa m'Chiyao, wophunzira Chichewa kusukulu ndi kumsika, wowerenga Chiarabu kumadrasa masana, amafika pa Chingerezi ali kale ndi ziyankhulo zitatu. Kumuyesa mbuli chifukwa lilime lake likupunthwa pa chachinayi n'kulakwitsa, ndipo kumulanga chifukwa wayankhula chiyankhulo cha kwawo pasukulu kumamuphunzitsa mantha, osati galamala.

Boma lakhala likusinthasintha maganizo pa nkhaniyi. Mu 1968 Chichewa chinakhala chiyankhulo cha fuko, ndipo kwa zaka zambiri ana ankaphunzira m'Chichewa mpaka Sitandade 4, n'kuyamba Chingerezi monga chiyankhulo chophunzitsira mu Sitandade 5. Mu 1996 unduna wa maphunziro unalamula kuti ana a m'makalasi oyambirira aziphunzira m'ziyankhulo za makolo awo, koma mabuku a Chiyao sanafike m'makalasi mokwanira. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi patsogolo. M'zosintha zonsezi mwana wa Chiyao sanapeze mwayi wokwanira woyambira kuwerenga m'chiyankhulo chimene amaganizira.

Kukonzekera yunivesite kumafuna kuwerenga nkhani zazitali tsiku ndi tsiku, monga za m'nyuzipepala kapena m'magazini a The Lamp amene a Montfort Media amasindikiza ku Balaka komweko, kenaka kuzifupikitsa m'mawu akeake a wophunzira. Kumafunanso kulemba kawirikawiri, ndi mphunzitsi wofunsa chifukwa cha mfundo iliyonse, osangochonga masipelo. Mtsutso ukhoza kuyamba m'Chiyao kapena m'Chichewa kuti mfundo zipse, kenaka ulembedwe m'Chingerezi. Mizikiti ndi matchalitchi a m'maboma awiriwa ali ndi zipinda zimene zimakhala zotseka masiku ambiri pa sabata. Mashehe, abusa ndi ansembe azitsekule kuti ana a Fomu 3 ndi Fomu 4 aziwerengeramo.