Kodi Colowa ca Munthu Wanzeru Nciani?

M'masewera a pa kompyuta ochedwa Elite Dangerous, amene anaturuka m'caka ca 2014, osewera amayendetsa zombo pakati pa nyenyezi, nakoceza pa madoko oyandama m'mlengalenga. Limodzi mwa madokowo, lozungulira mwezi, analicha Galileo. Ambiri amangothirapo mafuta ndi kupitirira, monga momwe anthu a ku Naperi amadutsira pa mseu wa Chipembere osafunsa za mwini dzinalo.

Tsono colowa ca munthu wanzeru nciani? Galileo anapenya mwezi womwewo ndi galasi loonera patali mu 1609, naonamo mapiri, pamene anzeru akale ankati mwezi ngosalala. Mu 1633 bwalo la Eklezia ku Roma linamtsutsa cifukwa cophunzitsa kuti dziko limazungulira dzuwa, ndipo anamwalira mu 1642 ali wotsekeredwa m'nyumba mwake. Mu 1992 Papa John Paul II anabvomereza kuti oweruzawo analakwa.

Dzina lolembedwa pa doko ndi ulemu wapakamwa cabe. Colowa ceniceni ndi ici: wophunzira ayambe wapenya yekha asanalankhule, ndipo mphunzitsi, ngakhale katekisiti amene, asamtseke pakamwa mwana wofunsa. Pakuti Iye amene analenga mwezi saopa coonadi ca mweziwo.