KODI ULEMU WA MANTHA NDI ULEMU?

Tsiku lina mukaime pa geti la sukulu ya m'komboni, kaya ku Kanyama, ku George kapena ku Mtendere, nthawi imene ana a m'mawa aweruka ndipo a masana alowa. Mwina mudzaona cimene ine cinandisowetsa mtendere. Mnyamata wa zaka 15 akumana ndi ahedi pakhomo pa ofesi. Msanga-msanga apisira shati, aika manja kumbuyo, nayankha mofatsa kuti, "Inde, aphunzitsi." Ahedi akondwa, ati mwana uyu ngwamwambo. Pasanapite mphindi zisanu mnyamata yemweyo afika pa geti pamene pakhala mai wogulitsa vitumbuwa. Atenga citumbuwa, aponya ndalama pansi, ndipo maiyo podandaula ayankhidwa mau amene sindingathe kuwalemba m'magazini ino. Mai ameneyo ndi wa msinkhu wa amake.

Tsono ndifunse: mnyamata weni-weni ndi uti, wa pa ofesi kapena wa pa geti?

Ambiri adzati ndi wacinyengo. Ine sindifulumira kumuweruza, pakuti wacita zimene anaphunzira. Kuyambira ali wamng'ono waona kuti munthu aweramira amene ali ndi mphamvu yomulanga. Ahedi angathe kumuitanitsa makolo, kumuchechetsa udzu, ngakhale kumucotsa sukulu. Mai wa vitumbuwa sangamucite kanthu. Phunziro analimva bwino lomwe, koma linali lopotoka: lakuti ulemu ndi msonkho umene wofooka apereka kwa wamphamvu. Ndipo amene wamva tero angoyembekeza tsiku limene iyenso adzakhala wamphamvu, kuti ayambe kutolera msonkho wake kwa mkazi wake ndi kwa ana ake.

Mphala inatsala kumudzi

Kale kumudzi, ku Katete kapena ku Chadiza, mnyamata akafika msinkhu wosayenera kugona m'nyumba ya makolo anali kusamukira ku mphala, ena ati gowero. Pakati pa Angoni kunali laweni, kumene anyamata oweta ng'ombe anali kugona pamodzi. Madzulo amuna anali kudyera pabwalo, ndipo mnyamata anali kuona yekha mmene akulu asambira m'manja motsata msinkhu, mmene akambira mlandu wa mbuzi yodya cimanga ca eni, mmene munthu wolakwa apepesera. Atsibweni anali ndi mau pa iye kuposa ngakhale atate ake. Ena anali kulandira mwambo ku dambwe. Anali kudziwanso kuti tsiku lina adzapita cikamwini, kumene adzamuyesa ngati adziwa kumanga nyumba, kuluka nkhokwe ndi kugwira khasu, ndipo ulesi wake udzamveka mudzi wonse.

Tisanamizane, kumeneko sikunali kumwamba. Ku mphala ndi ku laweni kunali nkhanza, akulu kutuma ang'ono ngati akapolo ndi kuwamenya popanda cifukwa. Koma cinthu cimodzi cinalipo: mnyamata sanali kukula yekha.

Nanga lero m'komboni? Banja la anthu asanu ndi awiri likhala m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri. Atate acoka kukali mdima kupita ku Soweto Market kapena ku mafakitale. Ena alonda usiku ku mayadi nagona usana. Atsibweni ali ku Chipata, angomveka pa foni. Palinso bala limene sitikonda kulikhudza. M'zaka za m'ma 1990 matenda a Edzi anadzaza manda a Chingwere ndi a Leopards Hill ndi amuna ndi akazi a msinkhu wolera ana. Ana amasiye a nthawi imeneyo ndiwo atate a lero. Ambiri a iwo tiwafunsa kuti aphunzitse ana ao zinthu zimene iwo eni palibe anawaphunzitsa.

Mtsikana akatha msinkhu, amake aitana alangizi, ngakhale m'tauni muno. Kusukulu kuli aphunzitsi acikazi omuyang'anira, kuli mabungwe monga FAWEZA, ndipo kuyambira mu 1997 mtsikana wotenga mimba aloledwa kubwerera kusukulu atabereka. Zonsezi n'zabwino, ndipo zisacepe ngakhale pang'ono. Koma mnyamata mau ake akayamba kusintha, ndani amuitana pambali? Palibe. Alangizi ake ndi ang'wang'wazi a pa siteshoni, mashopu obecherana mpira, ndi foni ya mnzake. Tujilijili boma linaletsa mu 2012, koma kacasu sanathe. Magulu a anyamata amene anthu awacha majanki asautsa anthu m'makomboni ambiri, kulanda mafoni ndi kumenya oyenda usiku. Tiwada, ndipo mpake. Koma taonani cimene gulu lotero lipatsa mnyamata: dzina, malamulo, ndi wamkulu womuyang'anira amene adziwa akasowa tsiku limodzi. Imeneyo ndi mphala yomwe ija, koma yopanda akulu anzeru.

Sukulu yopanda cikwapu

Cotero nchito yagwera sukulu, ifune isafune. Mu January 2022 boma linacotsa malipiro m'masukulu ake mpaka ku sekondale, ndipo ana ambiri amene anali kungokhala kunyumba anabwerera. Caka comweco linalemba nchito aphunzitsi oposa 30,000, komabe m'masukulu ena a mu Lusaka kalasi imodzi ifika ana 100. Ndiponso cida cimene aphunzitsi akale anali kudalira cinacotsedwa. Kukwapula ana kusukulu kunathetsedwa mu 2003, lamulo la maphunziro la mu 2011 linaletsa poyera, ndipo lamulo la ana la mu 2022 linabwerezanso.

Akulu ambiri adandaula. Ati, "Ife cikwapu ndico cinatiumba. Mwatilanda ndodo, nanga ana awa tiwaongola ndi ciani?" Mau awa sindiwataya, pakuti muli coona. Aristotle, munthu wanzeru wa ku Greece amene anakhala ndi moyo zaka zoposa 2,300 zapitazo, anaphunzitsa kuti munthu akhala wolungama mwa kucita zolungama mobwereza-bwereza, monga mmisiri aphunzira kumanga mwa kumanga. Makolo athu ananena zomwezo mwacidule: kuongola mtengo mpoyamba. Mwana ayamba kunena "zikomo" ndi kulandira ndi manja awiri asanamvetse tanthauzo lake, ndipo kawiri-kawiri ayamba mokakamizidwa. Amene anena kuti mwambo wakunja ulibe nchito, cofunika ndi mtima cabe, sanalerepo mwana. Malamulo afunika, ndipo wolakwa ayenera kukumana ndi zotulukapo za colakwa cake.

Koma cizolowezi cikula kulinga kumene cazolowera. Mnyamata amene wazolowera kuweramira okhawo ogwira ndodo adzakhala katswiri wa cinthu cimodzi: kuyang'ana uku ndi uku ngati ndodo ili pafupi. Ife amene tinakwapulidwa tidzifunse moona mtima. Ngati cikwapu cinaumba amuna abwino cotero, akazi amene afika kupolisi ndi maso otupa amenyedwa ndi yani? Si ana a masiku ano ai. Ndi amuna omwe aja anali kunjenjemera pamaso pa ahedi.

Pali nkhani ya ku Italy imene iunikira bwino pamenepa. Pa 8 December 1841, mu mzinda wa Turin, wansembe wacinyamata Don Bosco anali kukonzekera Misa. Wosamala chalichi anapeza mnyamata wosauka ataima pakona, namuuza kuti atumikire pa Misa. Mnyamatayo atayankha kuti sadziwa, anayamba kumumenya ndi kumupitikitsa. Don Bosco anamuletsa, nalamula kuti amuitanenso, nati ameneyo ndi bwenzi lake, ngakhale anali asanamuonepo. Monga analembera iye mwini, mnyamatayo anali Bartolomeo Garelli, wa zaka 16, wamasiye, wogwira nchito yomanga, wosadziwa kulemba kapena kuwerenga. Nchito yonse ya Don Bosco pakati pa anyamata iwerengedwa kuyambira tsiku limenelo. Pambuyo pake anatsegula malo ophunzirira kusoka nsapato, utelala, ukalipentala ndi kusindikiza mabuku, ndipo anali kupangana ndi mabwana molemba kuti anyamata ake ophunzira nchito asamenyedwe. Otsatira ake, a Salesian, anafika m'Zambia mu 1982, ndipo ali ku Chawama ndi ku Bauleni.

Cimene ndifuna muone ndi ici: anayamba ndani kupereka ulemu? Wosamala chalichi anafuna kuti mnyamata ayambe wasonyeza mwambo, pamenepo ndiye aloledwe kukhala. Don Bosco anayamba iye kulemekeza mwana wakuda ndi fumbi, wosadziwa kanthu, amene sakanatha kumubwezera ciliconse. Mnyamatayo anaona ndi maso ake ulemu ukutsika kucokera kwa wamkulu kupita kwa wamng'ono. Phunziro lotere silingalembedwe pa bolodi. Munthu aliphunzira pokhapo litacitika pa iye.

N'cifukwa cake ndinena kuti mphunzitsi amene aitana mnyamata ndi dzina lake, osati "iwe wakuda iwe," amene apereka moni kwa wosesa ndi kwa mlonda, amene akalakwa pocongera mayeso avomera pamaso pa kalasi, waphunzitsa za ulemu kuposa maola khumi a malangizo pa asembule. Ndipo amene atukwana ana m'mawa, masana naimirira kuwaphunzitsa za makhalidwe, angotaya coko.

Mbale, cimbudzi ndi mbaula

Wina adzati nanga kuphika, kucapa ndi kusunga ndalama zikhudzana bwanji ndi ulemu? Zikhudzana kwambiri. Mnyamata amene sanatsukepo mbale yake aona mlongo wake ngati wanchito. Amene sanakolezepo mbaula sadziwa mtengo wa malasha, cotero anyoza ndiwo zimene amake avutikira tsiku lonse. Kumbukirani kolera ya mu 2024, pamene Heroes Stadium inasanduka cipatala ndipo masukulu sanatsegulidwe mpaka pa 12 February. Kanyama, Matero ndi makomboni ena analira maliro. M'nyumba zambiri amene anali kutunga madzi, kuthira kolorini ndi kutsuka zimbudzi anali amai ndi atsikana, anyamata ali pa mseu. Koma kolera sinafunse kuti uyu ndi mwamuna. Mnyamata amene watsukapo cimbudzi ca sukulu, osati monga cilango koma monga nchito ya onse, aphunzitsi akugwira nao tsache, saciipitsanso mwacisawawa, pakuti adziwa msana umene udzawerama pambuyo pake.

Apa ndipo pali kulakwa kwa masukulu ambiri: nchito ya manja yasanduka cilango. Wocedwa acheche udzu, waphokoso akumbe dzenje. Kenaka tidabwa kuona mnyamata anyoza olima ndi osesa m'misewu.

Zoona, mphunzitsi mmodzi sangadziwe mitima ya ana 100. Ngakhale mphunzitsi wa uphungu, amene masukulu ambiri ali naye, ali ndi makalasi ake ophunzitsa. Afunika thandizo la amuna a m'komboni: kalipentala wa ku Kalingalinga amene angalole anyamata atatu kugwira naye pa Ciweru, amene anaphunzira pa sukulupo kale, atate a mu PTA amene asamangobwera pa nkhani ya ndalama. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, timatero pa maliro ndi pa ukwati, koma pa Lolemba tiiwala.

Komabe alangizi amene ali pafupi koposa ndinu, anyamata a m'makalasi apamwamba. Mng'ono amene wangolowa sekondale sayang'ana kwambiri ahedi. Ayang'ana inu: mayendedwe anu, mmene muitanira mtsikana, cimene museka. Ena a inu munazunzidwa polowa, ndipo mwakhala mukuyembekeza nthawi yanu yobwezera pa ang'ono. Ena mwapatsidwa upulifekiti ndipo mwayamba kale kutolera msonkho uja.

Tibwerere pa geti. Ndalama ija ili pansi, mai wa vitumbuwa ali cete ndi manyazi, anyamata khumi ayang'ana, ndipo iwe pulifekiti waona zonse. Ungathe kumuwaza mbama mnyamatayo. Adzapepesa msanga, ndipo adzakhala waphunziranso kuti colakwa cake cinali kusaona kuti uli pafupi. Ungathenso kuwerama iwe mwini, ndi baji yako pacifuwa, kutola ndalamayo, kuipukuta, ndi kuipereka kwa amai ndi manja awiri, nunena kuti, "Pepani amai, ndi mng'ono wanga." Ukatero umuuze kuti lero mupitira limodzi. Njira ya ku George ndi yaitali. Muli nthawi yokwanira yomufunsa dzina lake, amene akhala naye kunyumba, ndiponso ngati citumbuwa cija sindico cakudya cake coyamba lero.